Mpikisano wa Magalimoto wa Dziko la Britain m'Chaka cha 2014

Mpikisano wa magalimoto wa dziko la Britain, umene eni ake amautcha British Rally Championship, udayamba m'chaka cha 1958. Umapangidwa ndi mipikisano ingapo yochitikira m'madera osiyanasiyana m'kati mwa chaka, ndipo amene wasonkhanitsa mapointi ochuluka pa yonseyo ndiye amavekedwa ukatswiri wa dziko. M'chaka cha 2014 ukatswiriwo udapita kwa Daniel McKenna ndi mnzake Arthur Kierans, onse awiri a ku Ireland, amene ankayendetsa galimoto ya mtundu wa Citroën DS3 R3T. Komatu ndi ochepa amene amakumbukira chaka chimenechi chifukwa cha chikho. Mipikisano iwiri ya chakacho idaimitsidwa isanathe chifukwa cha imfa: anthu atatu amene adaima m'mbali mwa msewu adafa ku Scotland pa 31 Meyi, ndipo dalaivala wa zaka 20 adafa ku Northern Ireland pa 15 Ogasiti. Zimene boma, khoti ndi akuluakulu a masewerawa adachita pambuyo pake zidasintha kayendetsedwe ka mipikisano yotere m'dziko lonselo. Tailongosola nkhaniyi mwatsatanetsatane poganiziranso akatekisiti athu, amene pophunzitsa lamulo lachisanu amafunsidwa kawirikawiri za imfa imene palibe adaifuna koma ikadatha kupewedwa.

Kayendedwe ka rally

Ambiri a ife tikamva za mpikisano wa magalimoto timaona m'maganizo magalimoto ambiri akunyamuka nthawi imodzi ndi kuzungulira bwalo, oonerera atakhala patali kuseri kwa mpanda. Mtundu wa mpikisano umene umatchedwa rally suyenda motero. Umachitikira m'misewu yeniyeni ya m'nkhalango, ya m'minda ndi ya m'midzi, ina yafumbi ndi miyala, ina yatala. Magalimoto amanyamuka imodziimodzi, kawirikawiri motalikirana mphindi imodzi, ndipo dalaivala aliyense amalimbana ndi wotchi. Njira yonse imagawidwa m'zigawo. Pali zigawo zothamangira, pamene msewu umatsekedwa kwa anthu ena onse ndipo nthawi imawerengedwa mosamala kwambiri. Palinso zigawo zolumikiza, pamene galimoto imayenda pamsewu wa aliyense motsata malamulo a pamsewu monga galimoto ina iliyonse. Pamapeto amaphatikiza nthawi ya zigawo zonse zothamangira, ndipo amene watenga nthawi yochepa ndiye wapambana.

M'galimoto mumakhala anthu awiri. Wachiwiriyo, amene pa Chingerezi amamutcha co-driver, sagwira chiwongolero. Ntchito yake ndi kuwerenga mokweza kabuku momwe mudalembedwa kona iliyonse, kukhota kwake, mtunda wofika pa ina, malo odumphira ndi malo oterera, kotero kuti dalaivala amalowa m'kona imene sakuiona mwa liwiro lalikulu, atangokhulupirira mawu a mnzake. Tinganene kuti m'masewera onse ndi ochepa momwe munthu amaika moyo wake m'kamwa mwa mnzake chotere.

Awiriwa amatetezedwa kwambiri. M'kati mwa galimoto amawotchereramo zitsulo zolimba kuti denga lisaphwanyike galimoto ikagubuduzika. Amamangidwa ndi malamba ambiri, amavala zisoti ndiponso zovala zosagwira moto msanga. Woonerera alibe chilichonse mwa zimenezi. Msewu wa makilomita ambiri wodutsa m'minda sungamangidwe mpanda konsekonse. Chimene chimamuteteza ndi chingwe cha pulasitiki chosonyeza malire, chikwangwani choletsa kuima pamalo oopsa, ndi mawu a oyang'anira njira, amene ndi anthu ongodzipereka, osalandira malipiro. Gawo lothamangira lisanatsekulidwe, magalimoto a akuluakulu a mpikisano amadutsa kuti aone ngati zonse zili m'malo mwake. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti nkhani ya 2014 yagona pomwepa.

Magalimoto ndi madalaivala a chakacho

Mpikisano wa Britain udali ndi mbiri yolemekezeka. Ari Vatanen wa ku Finland adautenga mu 1976 ndi 1980 asanakhale katswiri wa dziko lonse lapansi mu 1981. Jimmy McRae wa ku Scotland adautenga kasanu, mu 1981, 1982, 1984, 1987 ndi 1988. Mwana wake Colin McRae mu 1991 ndi 1992, ndipo Richard Burns mu 1993. Awiri omalizawa adadzakhalanso akatswiri a dziko lonse lapansi, McRae mu 1995 ndi Burns mu 2001. Koma pofika m'zaka za m'ma 2010 ulemerero umenewu udali utachepa. Magalimoto amphamvu okoka ndi matayala onse anayi adali okwera mtengo, ndipo pofuna kuchepetsa ndalama ndi kukopa achinyamata, oyendetsa mpikisano adalamula kuti kuyambira 2012 muzilowa magalimoto okoka ndi matayala awiri okha. Kuyambira pamenepo Citroën DS3 R3T, galimoto yaing'ono ya injini ya malita 1.6 yokoka ndi matayala akutsogolo, ndiyo idalamulira: Keith Cronin wa ku Ireland adapambana nayo mu 2012, Jukka Korhonen wa ku Finland mu 2013, ndipo McKenna mu 2014. Choncho chaka chimene chidadzetsa maliro ambiri chidali chaka cha magalimoto ochepa mphamvu poyerekeza ndi a kale ndi a pambuyo pake. Izi zitichenjeze kuti tisafulumire kunena kuti vuto lonse lidali kukula kwa injini.

Amene ankalimbirana ukatswiri kwenikweni adali awiri: McKenna wa ku Monaghan ndi Osian Pryce wa ku Wales, amene ankawerengeredwa njira ndi Dale Furniss. Pryce ndiye adayamba bwino. Adapambana mpikisano woyamba kumayambiriro kwa Meyi, wa Pirelli, umene likulu lake lidali ku Carlisle ndipo udadutsa m'nkhalango yaikulu ya Kielder. Kumapeto kwa mwezi womwewo onse adalunjika ku Scotland, ku mpikisano wa Jim Clark.

Loweruka la 31 Meyi

Jim Clark adali mlimi wa m'dera la Berwickshire, kumalire a Scotland ndi England, amene adakhala katswiri wa dziko lonse wa Formula One mu 1963 ndi 1965, n'kumwalira pangozi ya mpikisano ku Hockenheim m'dziko la Germany pa 7 Epulo 1968. Anthu akwawo adayambitsa rally yomukumbukira mu 1970. Kuyambira 1997, motsatira lamulo lapadera la nyumba ya malamulo, mpikisanowu udaloledwa kutseka misewu ya boma yatala ya kufupi ndi matauni a Duns ndi Kelso. Pa nthawiyo panalibe rally ina pachilumba chachikulu cha Britain imene idali ndi chilolezo chotere, n'chifukwa chake khamu la anthu linkabwera kudzaonerera. Misewu yake ndi yopapatiza, yodutsa pakati pa mipanda ya minda, ndipo liwiro lake limakhala lalikulu kuposa la m'nkhalango.

Tsiku limenelo kudachitika ngozi ziwiri. Yoyamba idachitika masana pa gawo la Eccles, pamene galimoto idasiya msewu n'kuvulaza anthu asanu. Mpikisano udapitirira. Patapita maola ngati awiri, cha m'ma 4 koloko madzulo, pa gawo la Swinton kufupi ndi Coldstream, galimoto ina idafika pa kamlatho ka pamtsinje wa Leet Water. Kamlathoka n'kokwera pakati ngati linunda la ng'ombe, ndipo galimoto yothamanga ikafika pamenepo imadumpha. Malo otere ndi amene ojambula zithunzi amawakonda koposa, ndipo ndi amenenso ali oopsa koposa, chifukwa galimoto ikakhala m'malere dalaivala sangaiwongole kapena kuiimitsa, ndipo ikatera mopendekeka imalowera kumene yafuna. Galimotoyo itatera idasokonekera, n'kusiya msewu, n'kuomba anthu amene adaima patsogolo pa mlathowo. Amuna awiri ndi mayi mmodzi adafera pomwepo, onse a zaka zopitirira 60, ndipo bambo wina adavulala modetsa nkhawa. Mpikisano udathetsedwa nthawi yomweyo.

Imfa zimenezi sizidali zoyamba. Mu Febuluwale 2013, pa mpikisano wa Snowman kufupi ndi Inverness, umene suli m'ndandanda wa mpikisano wa Britain koma wa Scotland, mayi wina woonerera adafa ndipo kamnyamata kadavulala galimoto itasiya msewu m'nkhalango. Motero m'miyezi yosakwana 16 dziko la Scotland lidataya oonerera anayi.

Lachisanu la 15 Ogasiti

Mu Juni mpikisano udapitirira ku Scotland komweko, m'nkhalango za kufupi ndi Dumfries, kenako udawolokera ku Northern Ireland, ku mpikisano wa Ulster umene likulu lake lidali ku Enniskillen. Pa tsiku loyamba, limene ife Akatolika timakondwerera kutengedwa kumwamba kwa Amayi Maria, galimoto ya Timothy Cathcart idasiya msewu pa gawo la Fardross. Cathcart, mnyamata wa zaka 20 wa m'dera la Fermanagh, adamwalira. Anali kupikisana pamaso pa anthu akwawo. Womuwerengera njira, Dai Roberts wa ku Carmarthen m'dziko la Wales, adavulala kwambiri koma adapulumuka. Banja la Roberts lidali litalira kale: mng'ono wake Gareth adafa mu Juni 2012 pa mpikisano wa Targa Florio pachilumba cha Sicily, akuwerengera njira dalaivala wa ku Ireland Craig Breen. Mpikisano wa Ulster nawonso udathetsedwa.

Ukatswiri udadziwika mu Sepitembala pachilumba cha Isle of Man, kumene McKenna ndi Kierans adamaliza ntchito yawo, Pryce n'kukhala wachiwiri pa chaka chonse. Tisawachotsere ulemu wawo: kuyendetsa bwino pamiyala ya Kielder ndi patala pa Isle of Man m'chaka chimodzi ndi luso lenileni. Onse awiri adakapikisana chaka chotsatira mu mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse lapansi.

Zimene kafukufuku adapeza

Boma la Scotland silidadikire khoti. Lidakhazikitsa gulu lounika chitetezo pa mipikisano ya magalimoto, ndipo katswiri wakale wa Formula One Sir Jackie Stewart adali mlangizi wake. Lipoti lomaliza lidatuluka mu Januwale 2015 lili ndi mfundo 29. Bungwe loyang'anira masewerawa, limene pa nthawiyo linkatchedwa Motor Sports Association ndipo kuyambira 2018 limatchedwa Motorsport UK, lidalandira mfundozo n'kuzifalitsa m'dziko lonse kudzera m'ndondomeko yotchedwa RallyFuture. Kudakhazikitsidwa udindo wa nthumwi ya chitetezo, munthu wosakhala wa gulu lokonza mpikisano, amene amayendera njira ndipo ali ndi mphamvu yochedwetsa kapena kuletsa gawo ngati anthu aima pamalo olakwika. Oyang'anira njira adayamba kuphunzitsidwa ndi kulembedwa m'kaundula asanapatsidwe ntchito. Malamulo okhudza atolankhani ndi ojambula zithunzi adakhwimitsidwa, pakuti zidaoneka kuti chovala cha mtolankhani chinkatengedwa ngati chilolezo choima paliponse.

Khoti lidabwera pambuyo. Ku Scotland kuli mtundu wa kafukufuku wa khoti umene cholinga chake si kulanga munthu koma kupeza chimene chidadzetsa imfa ndi kuona ngati ikadatha kupewedwa. Imfa za Snowman ndi za Jim Clark zidaunikidwa pamodzi mumzinda wa Edinburgh mu 2017, ndipo woweruza Kenneth Maciver adapereka chigamulo chake mu Novembala chaka chomwecho. Palibe amene adazengedwa mlandu wakupha. Pa za Snowman woweruzayo sadapeze njira yoyenera imene ikadapewetsa imfayo. Pa za Swinton adapeza zosiyana. Okonza mpikisano adali atadziwa kale kuti patsogolo pa mlatho uja m'poopsa, ndipo m'mapulani awo malowo adayenera kukhala oletsedwa. Koma pa tsikulo malowo sadatchingidwe ndi kuonetsedwa monga mapulaniwo ankanenera, ndipo njira yotsimikizira kuti zolembedwa zachitikadi idali yofooka ndi yosakwanira. Akadatchinga malowo moyenera, anthu atatu aja mwina sakadafa.

Akuluakulu athu amati tsoka silinunkha. Ku Swinton lidanunkha ndithu: ena adalimva fungo lake, nalilemba papepala. Chidasowa ndi munthu woti aime pamalopo, pepala lili m'manja, n'kuona kuti zimene zili pansi sizikugwirizana ndi zimene zidalembedwa, ndi kukhala ndi mphamvu komanso kulimba mtima konena kuti galimoto isanyamuke mpaka anthu atasuntha. Ife tikuona kuti apa m'pamene pali kulemera konse kwa chaka cha 2014. Aliyense adagwira kagawo kake ka ntchito, wina kulemba, wina kumanga chingwe, wina kudutsa pa galimoto yoyendera, ndipo aliyense adayesa kuti mnzake waona.

Maganizo a Eklezia

Eklezia saletsa masewera, ndipo mu 2018 Likulu la Mpingo ku Roma lidatulutsa chikalata chonse chofotokoza ubwino wa masewera pa moyo wa munthu. Koma Katekisimu wa Eklezia Katolika, pofotokoza lamulo lachisanu, ali ndi ndime ziwiri zimene zimaikhudza nkhaniyi. Ndime 2290 imaphunzitsa kuti munthu amene, chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro, aika pachiswe moyo wake ndi wa ena pamsewu, panyanja kapena mumlengalenga, amachimwa kwambiri. Ndime 2269 imaphunzitsa kuti kupha mosafuna sikuwerengedwa ngati tchimo, komabe munthu sapulumuka ku mlandu waukulu ngati, popanda chifukwa chokwanira, wachita zinthu mwa njira imene yadzetsa imfa ya wina.

Ophunzira ena akamva ndime yoyambayo amathamangira kunena kuti dalaivala wa rally aliyense ndi wochimwa. Ife sitikuganiza choncho. Ndimeyo ikuloza makamaka munthu wothamanga pamsewu wa aliyense, pamene ana akupita kusukulu ndi amayi akuchokera kumsika sadavomere kulowa m'masewera ake. Rally yokonzedwa bwino idakhazikitsidwa ndi cholinga chochotsa liwiro pamsewu wotere ndi kuliika pamalo otsekedwa, pansi pa malamulo, madokotala ali pafupi. Dalaivala ndi mnzake amadziwa choopsa chimene akulowamo ndipo amachichepetsa ndi zida zonse zimene zilipo. Ngakhale zili choncho funso silitheratu, pakuti moyo si katundu wathu woti tiuchite zimene tafuna. Ndife osunga chabe, ndipo imfa ya Cathcart ikukumbutsa kuti zitsulo ndi zisoti zili ndi malire. Dalaivala amene ali ndi banja ayenera kulifunsa funsoli m'chikumbumtima chake, ndipo sitingamuyankhire tonse ndi yankho limodzi.

Za woonerera n'zomveka bwino koposa. Iye sadavale chisoti, ndipo kawirikawiri sadziwa kumene galimoto imalowera ikasokonekera. Amene akudziwa ndi wokonza mpikisano, ndiye udindo waukulu uli pa iye. Buku la Deuteronomo, mutu 22 ndime 8, lidalamula womanga nyumba yatsopano kuti amange kampanda kuzungulira denga, kuti wina akagwa mlandu wa magazi usakhale pa nyumbayo. Lamulolo silidalekere mlendo kuti adzisamale yekha. Lidagwira mwini nyumba. Komabe woonerera wamkulu msinkhu amene wauzidwa kuti asunthe n'kukana, kapena wadumpha chingwe pofuna chithunzi chokongola, nayenso ali ndi gawo lake, ndipo amasenzetsa dalaivala katundu amene adzamulemera moyo wake wonse. Pophunzitsa, akatekisiti asamale kuti asaweruze anthu amene adafa kapena ongodzipereka amene adali pamalopo. Khoti lenilenilo lidaloza kufooka kwa dongosolo, ndipo za m'mitima adziwa ndi Mulungu.

Zaka zotsatira

Mu 2015 mpikisano wa Britain sudachitike. Ena amaganiza kuti chidali chilango cha ngozi zija, koma chifukwa chachikulu chidali china: opikisana adali atachepa, ndipo bungwe loyang'anira lidafuna chaka chathunthu kuti liukonzenso. Aka sikadali koyamba kudumpha chaka, pakuti mu 2001 udalephereka chifukwa cha mliri wa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto, umene udatseketsa minda ndi nkhalango. Udabweranso mu 2016 ndi magalimoto okoka ndi matayala anayi, ndipo adapambana ndi Elfyn Evans wa ku Wales pa Ford Fiesta R5, patatha zaka 20 bambo ake Gwyndaf Evans atatenga ukatswiri womwewo mu 1996. Osian Pryce, wachiwiri wa 2014, adadikira mpaka 2022 kuti avekedwe ukatswiri.

Mpikisano wa Jim Clark udakhala zaka zisanu osaloledwa kutseka misewu ya boma. Udabwerera m'misewu ya ku Duns mu Novembala 2019, nyumba ya malamulo ya Scotland itavomereza malamulo atsopano okhudza mipikisano ya pamsewu, ndipo pambuyo pake udalowanso m'ndandanda wa mpikisano wa Britain. Pa 24 Meyi 2025, pa mpikisano womwewo, galimoto ya James Williams idachita ngozi kufupi ndi Duns. Williams adavulala kwambiri. Womuwerengera njira adafera pomwepo ali ndi zaka 39, ndipo adali Dai Roberts, yemwe uja adapulumuka pangozi ya ku Fardross mu 2014.